Njinga Imene Lusiano Sanatumize

Kope ili ndi lachisanu ndi chiwiri. Enawo sanafe imfa yabwino. Loyamba amake Tereza, mkazi wanga, anakulungira usipa. Lachiwiri linathera ku fodya wa anzanga pamsika. Awiri anapita kusukulu ndi adzukulu, ndipo otsalawo chiswe chinawapeza kudenga ali oyera, opanda ngakhale dzina langa. Kuno ku Mongue timati kaderno, koma ine ndimagula ku vila, tauni ya Milange, kwa mayi wina wa ku Muloza amene amati kope, ndiye dzinalo linandikanirira. Mayiyo anafika pomandiseka ndikangolowa m'sitolo. "Achimwene, buku lija silinathebe? Kapena mukufolera nyumba ndi makope anga?"

Chichokereni ku Joni ndakhala ndikuuza aliyense kuti ndidzalemba za moyo wanga wa kumeneko. Ntchito yanga ndi yokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika, ndipo pakamwa panga sipadziwa tchuthi. Munthu akabwera ndi tayala lophwa amachoka atamva za ng'ona za mu Limpopo, za apolisi, za mzungu amene ankadziwa lalanje lililonse la m'munda mwake. Akati, "Nanga osalemba bwanji zimenezi?" mayankho ndinali nawo okwanira chaka chathunthu. Kaneta yolembera yauma. Maso akuchita chifunga. Ino ndi nyengo ya nandolo, njinga zachuluka. Komanso ndilemba m'chilankhulo chiti, poti sukulu ya Chipwitikizi ndinalekera kalasi yachitatu, Chinyanja ndinaphunzira kulemba poyang'anitsitsa buku la nyimbo za kutchalitchi, ndipo ndikapsa mtima ndimatukwana m'Chilomwe?

Zonsezo zinali zoona, n'chifukwa chake zinkandipulumutsa. Koma chenicheni chinali chakuti nkhani iliyonse ya ku Joni, ndikaitsata mpaka kumapeto, inkakafika pa Loweruka limodzi limene sindinkafuna kulionanso.

Amene anandipanikiza ndi akatekisita a pa kapela yathu. Anabwera pamsika m'mawa wina opanda njinga, ndipo ndinadziwiratu kuti munthu wobwera kwa ine wapansi wabwera ndi nkhani.

"Mwamva kuti a Benado adwalika?" anatero.

Ndinali nditamva. A Benado ndi bambo amene akhala m'nyumba ndi Rozalina zaka zambiri tsopano. Rozalina ndi mkazi wa Lusiano, mnzanga amene ndinapita naye ku Joni koma sindinabwere naye. Awiriwo anamanga ukwati wa m'tchalitchi, ndipo mwana wawo Anastazia ndine ndinamunyamula pa ubatizo. N'chifukwa chake ine ndi Lusiano tinkaitanana akompadre, Rozalina ndimamutchula akomadre. Lusiano atasowa, Rozalina anadikira zaka zisanu, kenako analola a Benado kulowa m'nyumba. Mpingo unati mwamuna wake wa paguwa akadali moyo kwinakwake, choncho awiriwo sangalandire ukaristia. Kuyambira pamenepo amakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi chitseko, kuonerera ife tikupita kutsogolo manja ali pachifuwa.

"Miyendo yatupa, mtima ukukana," anatero akatekisita. "Akulira kuti asafe ali kunja. A padiri, ansembe athu aja, akubwera pakatha milungu itatu, ndipo msewu wathu mukuudziwa nokha, mvula ikayamba sitiwaonanso mpaka Pasaka. Anena kuti womaliza kuona Lusiano alembe zimene akudziwa. Anamuona kuti, ali bwanji, n'kusaina. Ngati palibe chatsopano, zinthu zikhala momwe zilili. Ndiye ndati, amene amati adzalemba buku uja si uyu? Mizere isanu singamuvute."

Anaseka, inenso ndinaseka. Lusiano anamwalira kalekale. Ndinamusambitsa ndi manja angawa, n'kumuika kuseri kwa mitengo ya bulugamu pa famu ina kutsidya kwa Limpopo. Rozalina wakhala pa benchi yomaliza zaka zonsezi ali wamasiye wosadziwa, ndipo ine wodziwa ndakhala ndikumudutsa Lamulungu lililonse popita kukalandira.

Masiku anayi anapita ndisanalembe kanthu. Ndinagula kope, ndinagula makaneta awiri, ndinakhoma mwendo wa tebulo umene wakhala ukugwedera chibadwire Tereza. Tsiku lachisanu ndinadzuka n'kupeza bokosi langa la zitsulo lili ndi loko wachilendo, kiyi ali pa chingwe m'khosi mwa amake Tereza.

"Tsamba limodzi," anatero, "kenako kiyi."

"Anthu akundidikira pamsika."

"A Benado nawonso akudikira, ndipo iwo nthawi yawathera. Zengerezu adalinda kwawukwawu, abambo ake Tereza. Makope asanu ndi limodzi ndakhala chete."

Iye sadziwa kuwerenga, ndipo panthawiyo sankadziwa chimene ndinkabisa. Ankangoona mwamuna waulesi amene wapemphedwa kanthu kakang'ono. Anandiikira tebulo pakhonde, kumbali imene kumafika dzuwa la m'mawa, n'kulamula kuti pasakhale wailesi, pasakhale alendo, tiyi abwere tsamba likadzaza. Ndinamuuza kuti a padiri akufuna mizere isanu yokha. Anati ngati ndi isanu yokha ndilembe pomwepo, aone. Ndinayang'ana pepala mpaka ntchentche inaterapo, kenako ndinati nkhani yotere siyambira pakati, ndiyenera kuyambira poyambira. Kunali kuthawa kwinanso, koma kuthawa kumeneko kunandikola ndekha, pakuti ndinayambadi.

Ndinalemba za tsiku lonyamuka. Chaka chimenecho nandolo anagwa mtengo moti thumba lathunthu silinkagula nsapato za mwana, ndipo Lusiano anati tiyeni tikaone kumene anzathu amachokera ndi mawailesi. Tinayenda wapansi mpaka ku vila, Rozalina akutiperekeza, Anastazia ali kumsana, nyemba za kalongonda zophika zili m'chigaba. Pa fronteira, malire a dziko, Rozalina sanalire. Anangouza mwamuna wake kuti, "Musabwere ndi wailesi. Mubwere ndi njinga, khosi langa latopa." Amayi a kwathu amasenza nandolo pamutu mtunda wonsewo kuti akagulitse.

Ulendo wake ndi woseketsa ukamauganizira. Tinatuluka m'Mozambiki kulowa m'Malawi, kudutsa minda ya tiyi, kukwera basi ku Limbe, n'kulowanso m'Mozambiki cha ku Tete ngati munthu waiwala kanthu kunyumba. Mapepala athu sanatifikitse kutali, ndipo mtsinje womaliza tinawoloka wapansi, malaya ali pamutu, madzi ali m'chifuwa. Lusiano sankadziwa kusambira. Anandigwira lamba kumbuyo, akupemphera mano akugundana, ndipo titafika tsidya anati, "Akompadre, lamba ameneyu musadzamugulitse."

Masiku otsatira ndinalemba za famu ya malalanje. Tinkagona anthu asanu ndi atatu m'chipinda cha malata chimene masana sichinkalowedwa ndi kutentha, m'nyengo yozizira n'kumatidonthetsera mame. Munali Amalawi asanu, Mzimbabwe mmodzi, ndi ife awiri amene ankatitcha Apwitikizi ngakhale tinali akuda kuposa onse. Poto anali mmodzi. Wodwala ankathyoleredwa ndi anzake kuti kapitawo asamuchotse ntchito. Ine malungo atandigwira, Lusiano anathyola mzere wake ndi theka la wanga masiku asanu ndi limodzi, n'kumabweranso kudzandimwetsa phala. Galimoto ya apolisi ikaoneka pa geti, mluzu unkalira ndipo tonse tinkamwazikira m'mitengo, kugona chafufumimba m'udzu mpaka fumbi lake litatha. Ndinkaopa masiku onse, ndipo mantha amenewo ndi amene sindinkawanena pansi pa mango.

Ntchito inali ya makwerero, chikwama pachifuwa ndi kalumo kodulira. Munthu aliyense ankapatsidwa mzere wake wa mitengo, ndipo ukauyang'ana kumapeto unkagwa mphwayi usanayambe. Ine ndinkauyang'ana, n'kuyamba kudandaula za msana. Lusiano sankatukula mutu. "Akompadre, mzere si wanu, ndi wa mzungu," ankatero. "Wanu ndi mtengo uwu wokha." Polemba mawu amenewa ndinazindikira kuti amake Tereza akundiyendetsa momwemo, mtengo umodzi tsiku lililonse, ndipo dzanja linayamba kuzolowera. Tsiku lina ndinadzaza masamba atatu, tiyi n'kuzizira.

Lusiano anali ndi chitini cha mkaka chimene ankakwirira pansi pa mphasa yake. Zimene ankapeza, zina ankatumiza kwa Rozalina, zotsala zinkalowa m'chitinimo. Ife tikapita kukamwa mwezi ukatha, iye ankatsala akusoka nsapato za anthu. Chitinicho chinali cha njinga, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa mtundu wake: yakuda, ya keriyala yolimba, yoti inyamule matumba awiri.

Mkati mwa mlungu wachiwiri satana anandionetsa njira yachidule. Nditadzaza tsamba langa, ndinang'amba lina n'kulemba mizere isanu ija. Ndinati ndinamuona Lusiano komaliza akukwera basi yopita m'tauni, ali bwinobwino, ndipo sindinamvenso za iye. Kaneta sinaume, maso sanachite chifunga, bodza linatsetsereka lokha. Ndinasaina, ndinalipinda, ndinapita nalo kumsika m'thumba la malaya kuti akatekisita akadutsa ndiwapatse, nkhani ithere pomwepo.

Amene anadutsa ndi Rozalina, akukankha njinga yake yakuda.

"Akompadre, mundilimbitsire keriyala. Tsiku la a padiri ndikufuna ndidzawanyamule a Benado, akafike ngakhale pakhomo pa kapela."

Ndinagwada n'kuyamba kumanga mabawuti. Iye anayang'ana kumsewu n'kulankhula ngati akudziuza yekha. "Munthu uja analibe mlandu ndi aliyense. Anandipeza ndikulima ndekha, anandilerera mwana wa mwini. Lero afera kunja chifukwa cha ine. Mnzanu kumene aliko akudya bwino, sakudziwa kuti wamanga anthu awiri ndi chingwe chimodzi."

Pepala lija linkandiwotcha pachifuwa. Atachoka ndinalitulutsa, n'kupukutira girisi m'manja mpaka zilembo zonse zitada. Koma kusiya bodza n'kwina, kulemba choonadi n'kwina. M'mawa mwake ndinafika pa Loweruka lija m'kope, ndipo ndinaima ngati ng'ombe yanunkhiza magazi. Ndinalemba za mitundu ya malalanje. Ndinalemba za galu wa kapitawo. Ndinayamba kukulitsa zilembo kuti tsamba lidzaze msanga, mawu anayi pa mzere umodzi. Amake Tereza anapirira masiku angapo, kenako anatenga kope n'kufanizira tsamba la tsikulo ndi la mlungu woyamba.

"Izi zinali nyerere, izi ndi abakha. Mukunamiza ine kapena a padiri?"

"Maso, amake Tereza."

"Maso omwe amaona kabowo ka minga pa chubu?" Anakhala pamphasa, osakweza mawu. "Dzulo ndinapita kukazonda a Benado. Sakudzukanso okha. Akomadre akuti musavutike, akudziwa kuti mulibe chatsopano, angofuna a padiri aone kuti anayesa. Kwatsala masiku anayi. Mukuzungulira chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za mutu, koma mawu amene anatuluka anali ena. "Lusiano anafa."

Nkhuku inakwera patebulo, palibe amene anaipirikitsa.

"Mwamva liti?"

"Sindinachite kumva. Ndinalipo."

Anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kuchiika pafupi ndi kope. "Tengani. Pitani mukakonze njinga zanu ngati mungathe. Koma Loweruka likakwana musanalembe, ndikanena ndine, ndipo pakamwa panga sipasankha mawu." Anatenga khasu n'kupita kumunda osandisiyira tiyi.

Kiyi ndinamuyang'ana, sindinamugwire. Panalibenso wondilondera, panalibenso womunamiza, ndipo m'pamene ndinalemba zimene zikutsatirazi.

Loweruka limenelo kapitawo anaitana anthu anayi oti akwere ngolo ya thirakitala, kukasiya mapaipi achitsulo ku damu. Dzina langa linalipo, la Lusiano panalibe. Ine ndinali nditapangana ndi munthu wina pa sitolo ya kumsewu amene ankagulitsa wailesi yakale, ndipo ndinkaopa kuti wina anditsogolera. Ndinagwira pamimba n'kupinda msana. Lusiano anandiyang'ana, n'kuseka. "Akompadre, m'mimba mwanu mumadziwa masiku." Anavala chipewa changa, poti chake anali atachapa, n'kukwera m'malo mwanga.

Ndinabwerera ku komboni dzuwa lili paliwombo, wailesi ili m'khwapa, ikuimba. Ndinapeza anthu ataima chete pakhomo la chipinda chathu. Ngolo inali itagubuduzika pa khoma la damu. Atatu analumpha, iye mapaipi anamugwera pachifuwa. Anzathuwo anandiuza kuti anafera pomwepo, osalankhula kanthu.

Mwini famu anatiuza kudzera mwa kapitawo kuti apolisi akabwera adzafunsa mapepala a aliyense, ndipo tonse tidzakwera galimoto ya mawaya yotibweza kwathu. Tisankhe tokha. Tinasankha, ndipo sindingakankhire zonse kwa mzungu, chifukwa woyamba kuvomera ndinali ine. Ndinamusambitsa ndi madzi a m'ndowa yathu yakumwera. Tinamukulunga m'bulangete lake, tinakumba kuseri kwa bulugamu, ndinamanga timitengo tiwiri ndi waya. Mmalawi wina anatsogolera pemphero. Lolemba tinali pa makwerero.

Chitini chija ndinachifukula ndine. Ndinaona kuti chinthu chokha chimene ndingamuchitire n'kufikitsa njinga, ndipo ndinagula yakuda, ya keriyala yolimba, n'kuipereka kwa munthu wa ku Mulanje amene ankayendetsa katundu wa anthu kupita kwathu. Ndinati ndimangirirapo kalata yonena zonse. Ndinagula pepala, ndinakhala nalo masiku atatu. Tsiku lonyamuka galimoto ndinati kalatayo nditumiza ulendo wotsatira, ndikapeza mawu abwino. Woyendetsayo anafunsa kuti akanene kuti yachokera kwa ndani, ndipo ndinati kwa Lusiano, poti thukuta linali lake.

Patapita miyezi iwiri munthu yemweyo anabwera ndi uthenga wapakamwa. Rozalina akuti njinga yafika, mudzi wonse unabwera kudzaiona, iye anavina, ndipo akuti muwauze abambo ake Anastazia kuti tsopano abwere okha. Munthu wavina umamuuza bwanji kuti wavinira maliro? Ndinati ndidikire chisangalalo chiphwe. Kenako ndinati nkhani yotere siyenda pa pepala, ndikanena ndekha ndikafika. Chaka chinatha, china chinatha.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza amayi anga atagona kale kumanda, Tereza akundibisalira kuseri kwa chitenje cha amake. Ndisanamasule n'komwe chikwama, Rozalina anafika pa njinga yomweyo, Anastazia atakhala pa keriyala. Anayang'ana kumbuyo kwanga, mwina munthu wabisala kuti amudzidzimutse. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira ku Tete, koma nditaona nkhope ya mwana uja ndinati, "Tinasiyana, akomadre. Anati akukayesa mwayi m'tauni." Zotsalazo anthu anamaliza okha: watchona, wakwatira Mzulu, waiwala kwawo. Ine sindinawonjezere, sindinatsutse. Ndipo njinga ija yakhala ikubwera kwa ine zaka zonsezi. Ndaisintha matayala, tcheni, masipoko, osalandira kanthu, Rozalina n'kumauza anthu kuti akompadre ndi munthu wa mtima wabwino, osati mnzawo uja.

Ndinamaliza kulemba dzuwa litapendeka, zala zitauma. Kumapeto ndinalemba tsamba lina lalifupi la a padiri, n'kusaina dzina langa lonse monga lilili pa bilyete, chitupa changa cha boma.

Ndikanatha kukapereka tsambalo kwa akatekisita n'kuthawira ku vila. Maganizo amenewo anandiperekeza njira yonse m'mawa mwake, ndipo pa mphambano ya ku kapela miyendo inaima yokha. Koma mlandu suwola, ndipo uwu ukanamveka kwa wina ukanapweteka kawiri. Ndinakhotera kwa Rozalina.

Ndinamupeza akusenda chinangwa cha makaka pabwalo. A Benado anali pakhonde, atatsamira mtondo, miyendo yotupa ili pamphasa. Njinga inali itatsamira nkhokwe.

"Akompadre, mwavutikiranji? Mukanangopatsa akatekisita."

"Ndabwera kuti ndikuwerengereni, akomadre. Ndi pakamwa pokha ndinalephera kale."

Ndinakhala pa chitsa n'kuyambira pa Loweruka. Pa chipewa mpeni wake unali ukuyendabe. Pa mapaipi unaima. Sindinatukule maso, ndinangotsata mzere ndi mzere, bulugamu, chitini, kalata, kuvina, mpaka pa dzina langa. Nditatseka kope panamveka kupuma kwa a Benado kokha.

"Anali atadya m'mawa umenewo?" anafunsa Rozalina.

"Anamwa tiyi ndi buledi."

"Mutu munalozetsa kuti?"

"Kumpoto, akomadre. Cha kuno kwathu."

Anagwedeza mutu pang'ono. Anayang'ana njinga, kenako ine. "Ine munthu ameneyu ndamutukwana zaka zonsezi. Pokwera chitunda ndi nandolo ndinkamutukwana. Mwana wake ndinamuphunzitsa kuti bambo ake ndi galu. Pa Misa ya akufa ndinkapereka dzina la amayi anga, lake ayi, ndinkati afe kaye. Inu mukumva, mukupopa tayala."

"Ndinalakwa."

"Musandiuze zimene ndikudziwa."

A Benado anakhosomola, n'kufunsa motsitsa, "Amake Anastazia, ndiye kuti chitseko chinali chotsegula nthawi yonseyi?"

Pamenepo m'pamene Rozalina analira. Sanakuwe, anangopinda mutu pamaondo, mapewa akugwedezeka, mpeni ukadali m'manja. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire, ndipo ndinkafunitsitsa kudzuka, koma ndinakhala. Atatha anapukuta m'maso ndi chitenje n'kutambasula dzanja. Ndinamupatsa kope lonse. Anang'amba tsamba la a padiri lokha, mosamala, n'kulipinda.

"Ili ndi la a padiri. Langa silinalembedwe. Mwandiwerengera imfa yake, koma munthuyo anakhala moyo zaka ziwiri kumeneko. Ankadya chiyani, ankaseka ndi ndani, ankanena chiyani za ine?"

"Zina zilimo kale, akomadre."

Anatsina masamba olembedwawo ndi zala ziwiri n'kundionetsa kupyapyala kwake. "Timasamba iti, zaka ziwiri? Anastazia ali ndi ana ake tsopano, sadziwa ngakhale mayendedwe a bambo ake. Mulembe zonse, osadumpha. Ndipo musadzapondenso pakhomo pano opanda pepala." Anandiponyera kope pamiyendo.

A padiri anabwera Lamulungu. Anandiitanira kuseri kwa kapela, anawerenga tsamba lija kawiri, anandifunsa mafunso ambiri, n'kundilumbiritsa. A Benado anafika atakhala pa keriyala ya njinga yakuda ija. Ndinathamanga kuti ndithandize kukankha, koma Rozalina anangoti, "Siyani," ndipo anakankha ndi mkamwini wake mpaka pakhomo. Ukwati unamangidwa a Benado atakhala pampando. Dzina la Lusiano linatchulidwa pakati pa akufa, ndipo kapela yonse inatembenuka kundiyang'ana. Nthawi yolandira itakwana, Rozalina anadzuka pa benchi yakutsogolo. Ine ndinali nditalapa, a padiri anali atandimasula, koma ndinatsala pa benchi yomaliza pafupi ndi chitseko. Pamenepo pamaomba mphepo, ndipo thabwa lake lili ndi msomali umene umakola zovala. Zaka zonsezo sindinkadziwa.

A Benado anamwalira mvula yoyamba itagwa, ndipo anaikidwa ndi mwambo wonse wa mpingo. Anastazia sandipatsa moni, ndipo pamsika nkhani za ng'ona zilibenso omvera ambiri. Bokosi la zitsulo lilibe loko tsopano, koma sindilitsegula tsamba lisanadzaze. Ndinayambiranso pa fronteira, pang'onopang'ono, chifukwa ulendo woyamba ndinkalemba mothawa. Pali m'mawa umene mutu umandipwetekadi, pali umene kaneta imaumadi. Ndimabwereka pensulo ya mdzukulu, n'kulemba ndi zilembo zazing'ono.

Dzulo Rozalina anadutsa pamsika akukankha njinga, tayala lakumbuyo litaphwa. Anapitirira mtengo wanga wa mango, kulunjika kwa munthu wina wa kuseri kwa chigayo amene sadziwa n'komwe kumanga masipoko. Atayenda pang'ono anaima, osacheuka.

"Mwafika pati?"

"Tili pa mtsinje, akomadre. Wandigwira lamba."

"Muwolotseni," anatero. "Musamusiyenso panjira."

Ndipo anapitiriza kukankha.